Acemwali Afuna Kukhala Dotolo

Furancungo ndi likulu la boma la Macanga, m'cigawo ca Tete. Ndi dziko la mapiri. Anthu amalima cimanga, nyemba ndi fodya. Mu Juni kumazizira kwambiri, ndipo ana amapita kusukulu atapisa manja m'khwapa.

Pafupi ndi Furancungo pali mudzi wina. M'mudzimo munali mtsikana amene anafuna kukhala dotolo. Anali ndi amayi, abambo, agogo ndi atsibweni. Analinso ndi mlongo wake wamng'ono wa m'kalasi yoyamba. Mnyamatayu ankamuitana kuti "Acemwali". Ana onse a m'mudzimo anazolowera kumuitana conco.

Acemwali anabadwira ku Malawi, kufupi ndi Dedza, m'caka ca 1990. Makolo awo anathawira kumeneko cifukwa ca nkhondo. Nkhondo inatha pa 4 Okutobala 1992. Caka cotsatira banja lonse linabwerera kwawo. Anapeza nyumba zitagwa, minda itasanduka chire. Anayambanso kumanga ndi kulima.

Acemwali anayamba sukulu ali ndi zaka 8. Ankakhala pansi pa mtengo. Ankalemba pa dothi ndi cala.

Ali m'kalasi ya 4, agogo anagwa kudambo pocokera kotunga madzi. Dzanja linatupa. Abambo anawakweza pa njinga. Acemwali anatsatira pambuyo, akuthamanga.

Kucipatala anapeza dotolo wabwino mtima. Koma dotoloyo sankadziwa Cinyanja. Agogo sankadziwa Cipwitikizi. Tsiku limenelo womasulira panalibe. Onse anayang'ana mwana wa sukulu.

Dotolo anafunsa kuti dzanja likumveka bwanji.

Agogo anati, "Apa pakubaya. Apa pakuluma. Umu mukuyenda dzanzi. Ndikatembenuza conci, pakung'amba."

Acemwali anayima kakasi. M'Cinyanja mawu a ululu ndi ambiri. Kubaya si kuluma. Kuluma si kuocha. Kuocha si dzanzi. Agogo anachula ciliconse pamalo pake. Koma m'Cipwitikizi mwanayo ankadziwa liwu limodzi lokha, lakuti "dói". Tanthauzo lake ndi lakuti pakupweteka.

Analoza apa, nati, "Dói." Analozanso apo, nati, "Dói." Mawu anayi a agogo anasanduka liwu limodzi.

Dotolo anagwira dzanjalo mofatsa. Anapeza kuti fupa linathyoka, ndipo analimanga. Dzanja linapola. Koma Acemwali sanaiwale tsikulo. Anaona kuti agogo ananena zambiri, dotolo anamva zocepa. Dotolo sanalakwe. Agogonso sanalakwe. Cinasowa ndi munthu wodziwa mankhwala, wodziwanso Cinyanja.

Pobwerera Acemwali anati, "Agogo, ine ndikadzakula ndidzakhala dotolo."

Agogo anaseka. "Udzakhale, mdzukulu wanga. Koma ufulumire. Ine ndakalamba."

Njira ya udotolo ndi yaitali. Mwana amayamba kalasi yoyamba. Amakwera mpaka kalasi ya 12. Acemwali anakwera makalasi onsewo. Kalasi ya 11 ndi ya 12 anaphunzira ku Ulónguè, m'boma la Angónia, akukhala kwa azakhali. Anasankha maphunziro a Biologia ndi Química. Biologia ndi phunziro la zamoyo: anthu, nyama ndi zomera. Química ndi phunziro la zinthu, mmene zimasanganikirana ndi mmene zimasinthira. Wofuna udotolo ayenera kudziwa bwino maphunziro awiriwa.

Ku Ulónguè ndi kumene anamva nkhani yatsopano. Boma linakhazikitsa sukulu yaikulu yochedwa Universidade Zambeze m'caka ca 2007. Sukuluyi inayamba kuphunzitsa mu 2009. Likulu lake lili ku Beira, koma ili ndi nthambi m'malo angapo. Nthambi ya zaulimi anaiika ku Ulónguè komweko. Nthambi ya zaumoyo anaiika mumzinda wa Tete. Kumeneko anayamba kuphunzitsa udotolo, udotolo wa mano ndiponso za mankhwala.

Udotolo ku Tete! Kale zimenezi kunalibe.

Acemwali anamaliza kalasi ya 12 kumapeto kwa 2009. Anabwerera kumudzi ndi nkhaniyi pakamwa. Madzulo, atadya nsima, anagwada pafupi ndi makolo.

"Abambo, amayi, ndifuna kukalembetsa ku sukulu ya udotolo ku Tete."

Abambo anati, "Nkhani iyi ndi yaikulu. Tiitane atsibweni ako."

Atsibweni anabwera m'mawa mwake. Anakhala pa mpando pansi pa mtengo wa mango. Anamvetsera zonse. Kenaka anafunsa funso limodzi.

"Sukulu imeneyi yatulutsa madotolo angati?"

"Sinatulutse ndi mmodzi yemwe, atsibweni. Yangoyamba caka cino."

Atsibweni anapukusa mutu. "Mwanawe, ine ndine mlimi. Akabwera ndi mbewu yatsopano, sindibzala munda wonse. Ndimayesa mizere iwiri. Ikabereka, caka cinaco ndimaonjeza. Iwe ufuna kubzala zaka 6 za moyo wako pa mbewu imene sitinaone zipatso zake?"

Atsibweni sanali kulakwa. Funso lawo linali la nzeru. Maphunziro a udotolo amatenga zaka zosacepera 6. Zaka zonsezo mwana salima, sagulitsa, salandira malipiro. Amafuna cakudya, mabuku ndi pogona. Banja ndi limene limasenza katunduyo. Munthu wopereka mbuzi yake ali ndi ufulu wofunsa.

Koma mwana si munda. Sungamugawe mizere iwiri.

Atsibweni anapitiriza. "Ngati ndi udotolo, pita ku Maputo. Kumeneko sukulu ndi yakale. Dzina lake aliyense amalidziwa."

Apanso ananena zoona. Ku Maputo kuli Universidade Eduardo Mondlane. Inayamba mu 1962, nthawi ya Apwitikizi, ili ndi dzina lina. Kwa zaka zambiri inali sukulu yokhayo yophunzitsa udotolo m'dziko lonse la Moçambique.

Amayi anali cete. Tsopano analankhula. "Acimwene, Maputo ndi kutali. Kucokera ku Tete ndi makilomita oposa 1500. Mwana akadwala, tidzamuona bwanji? Ufa tidzamutumizira bwanji? Ku Tete tikhoza kupatsira thumba la nyemba pa galimoto, n'kufika tsiku lomwelo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Abambo anaganiza za ndalama. Agogo anaganiza za zaka zawo. Mlongo wamng'ono sanamve zonse. Iye anangogwira nsalu ya Acemwali, nati, "Musapite konse."

Tsiku limenelo sanagwirizane.

Mawa lake Acemwali ndi atsibweni anapita kwa aphunzitsi akulu a sukulu ya pamudzi. Aphunzitsiwo anawapatsa mipando. Anamva mbali zonse ziwiri. Sanasankhire banja. Anangowauza zimene ankadziwa.

Anati sukulu iliyonse inayamba yakhalapo yatsopano. Moçambique italandira ufulu mu 1975, madotolo ambiri Acipwitikizi anacoka. Amene anatsala sanakwane 100 m'dziko lonse. Sukulu imodzi ya ku Maputo sikanatha kukwaniritsa dziko lalikulu cotere. N'cifukwa cake sukulu zina zinatsegulidwa. Ku Beira, Universidade Católica inayamba kuphunzitsa udotolo mu 2000. Ku Nampula, Universidade Lúrio inayamba mu 2007. Tsidya lija ku Malawi, College of Medicine ya ku Blantyre inatsegulidwa mu 1991. Isanatsegulidwe, Amalawi ankaphunzira udotolo kunja. Kamuzu Banda anakauphunzira ku America, ndipo anamaliza mu 1937.

Aphunzitsi anachulanso sukulu ina ya ku America komweko. Dotolo wina, Andrew Taylor Still, anaitsegula mu 1892 m'tauni ya Kirksville. Ankaphunzitsa kuciritsa pogwira mafupa ndi minofu ndi manja. Njira imeneyi imachedwa osteopathy. Sukuluyo inayambira m'kanyumba ka matabwa ka zipinda ziwiri. Akazi analoledwa kuphunzira kuyambira paciyambi. Anthu ambiri ankaikayikira. Lero ku America kuli sukulu zambiri za mtundu umenewu, ndipo omaliza maphunziro ake ndi madotolo ovomerezeka.

Atsibweni anati, "Zogwira mafupa ndi manja ife timazidziwa. Akuluakulu athu ankalunzanitsa fupa, n'kulimanga ndi timitengo. Koma aphunzitsi, si sukulu yatsopano iliyonse imene imakula. Zina zimafa."

"Zoona," anatero aphunzitsi. "Conco musafunse zaka za sukulu zokha. Pali zina zofunsa."

Coyamba, mwini sukulu ndani? Kodi boma likuidziwa? Sukulu ya ku Tete ndi ya boma. Boma lomwelo ndi limene linaikhazikitsa mwa lamulo.

Caciwiri, kodi pali cipatala pafupi? Ili ndi funso lalikulu kuposa onse. Udotolo saphunzira m'buku mokha. Wophunzira ayenera kuona odwala ndi maso. Ayenera kumva cifuwa ca mwana cikulira. Ayenera kugwira mimba yotupa. Ayenera kuimirira pambali pa dotolo wamkulu, tsiku ndi tsiku, mpaka manja ake azolowere. Sukulu ya udotolo yopanda cipatala ili ngati sukulu ya ulimi yopanda munda. Ku Tete kuli cipatala cacikulu ca cigawo conse, Hospital Provincial de Tete.

Cacitatu, akamaliza, ndani adzamulola kugwira nchito? Aphunzitsi anati kuyambira 2006 kuli bungwe la madotolo lochedwa Ordem dos Médicos de Moçambique. Dotolo aliyense amalembetsa kumeneko, kaya anaphunzira ku Maputo, ku Beira kapena ku Tete.

Atsibweni anakhala cete nthawi yaitali. Anayang'ana pansi. Kenaka anati, "Ndamva. Koma mtima wanga sunakhazikike."

Anatembenukira kwa Acemwali. "Bwanji osayesa konse kuwiri? Ukalembe mayeso a ku Maputo, ukalembenso a ku Tete."

Nzeru imeneyi inali yabwino. Ana ambiri amacita conco. Koma sukulu iliyonse imafuna ndalama yake yolembetsera. Inali nyengo ya Disembala. Ndalama za fodya zinali zitatha kalekale. Cimanga m'nkhokwe cinali citatsika. Feteleza anali asanakwane. Banja likanatha kulipira malo amodzi okha.

Abambo anati, "Mwana wanga, sankha wekha. Ukasankha, sitidzakunena."

Acemwali anagona osagona. M'mawa anati, "Ndasankha Tete. Odwala a ku Tete amacokera ku Macanga, ku Tsangano, ku Angónia, ku Chiúta. Ambiri amalankhula monga agogo. Ndifuna kuphunzira pakati pa anthu amenewo."

Atsibweni sanayankhe. Anapita kwawo. Madzulo anabwera akukoka mbuzi yaikulu yakuda. Anaimanga pamtengo wa mango.

"Gulitsani iyi," anatero. "Ine maganizo anga sanasinthe. Koma mwanayu ndi wathu."

Tsopano inayamba nchito ya mapepala. Wolembetsa ayenera kukhala ndi setifikedi ya kalasi ya 12. Ayenera kukhala ndi citupa ca dziko, cimene anthu amaciti BI. Ayeneranso kukhala ndi zithunzi zazing'ono za nkhope, ndi risiti yosonyeza kuti walipira.

Citupa cinali ndi mbiri yake. Acemwali anabadwira kothawa nkhondo. Atabwerera, amayi anayenda wapansi kukawalembetsa ku boma. Anthu ena ankati, "Pepala la mwana wamkazi ndi laciyani?" Amayi sanawamvere. Anasunga pepalalo m'kacitini, pamodzi ndi singano ndi mabatani. Pepala limenelo ndi limene linathandiza kupeza BI. Likanasowa, ulendo wa ku Tete ukanathera pomwepo.

Mlongo wamng'ono anatenga BI m'manja. Anayang'ana cithunzi. Anawerenga zilembo za dzina, cimodzi cimodzi, monga anaphunzirira kusukulu. Anakondwa kuti wazidziwa zonse.

Mapepala atapita, Acemwali anayamba kuwerenga. M'mawa ankapalira cimanga ndi amayi. Masana ankawerenga pakhonde. Usiku ankawerenga pa nyali ya palafini. Mabuku anali a Cipwitikizi. Pakavuta, ankadzifotokozera m'Cinyanja mokweza mawu, ngati akuphunzitsa mwana.

"Mtima uli ndi zipinda zinayi. Umapopa magazi. Magazi amapita kumapapo kukatenga mpweya. Amabwerera kumtima. Mtima umawatumiza thupi lonse."

Mlongo wamng'ono ankamvetsera ali pamphasa. Anagwira pacifuwa pake. "Acemwali, zipinda zinayi? Kuposa nyumba yathu?"

"Inde, kuposa nyumba yathu."

Agogo nawo ankamvetsera. Tsiku lina anamva za malungo, kuti amabwera ndi udzudzu waukazi wochedwa Anopheles. Anati, "Ngakhale udzudzu uli ndi dzina la Cizungu!" Onse anaseka.

Nthawi ya mayeso inafika mvula ili pakati. Acemwali ndi abambo anadzuka tambala asanalire. Amayi anawakulungira mbatata yophika ndi nsinjiro. Mapepala anawaika m'pulasitiki kuti asanyowe. Anakwera kagalimoto konyamula anthu, kamene amakachula xapa. Msewu unali wa matope. Penapake anthu anatsika n'kukankha.

Anatsika mapiri pang'onopang'ono. Mphepo yozizira inatha. Kunayamba kutentha. Panjira anaona milambe ikuluikulu ndi mbuzi zambiri. Kenaka anaona mtsinje wa Zambezi. Acemwali anali asanaonepo madzi ambiri cotere. Anawoloka pa mlatho wa Samora Machel, wopacikika pa zingwe zacitsulo.

Abambo anati, "Ukudziwa kuti Samora, asanakhale Pulezidenti, anali namwino m'cipatala?"

"Ndikudziwa, abambo."

"Cabwino. Usaope."

Ku Tete anthu ambiri amalankhula Cinyungwe. Cimafanana ndi Cinyanja, koma si cimodzi. Acemwali ankamva mawu ena, ena osamva. Anagona kwa mbale wa abambo. Usiku kunatentha, tulo sitinabwere.

Pamalo a mayeso panali anyamata ndi atsikana ambiri. Ena anali a mumzinda, ovala nsapato zonyezimira. Ankalankhula Cipwitikizi mothamanga. Malo anali ocepa, ofuna anali ambiri. Sukulu inali yatsopano, koma khomo lake silinali lalikulu. Acemwali anayang'ana nsapato zawo za matope. Mtima unagunda. Anakumbukira kuti uli ndi zipinda zinayi, ndipo anamwetulira okha.

Analemba Biologia. Analembanso Química. Biologia inayenda bwino. Química inali yolimba. Mafunso ena anawasiya, nthawi itatha.

Abambo anadikira panja, pansi pa mtengo, tsiku lonse. Acemwali atatuluka, abambo sanafunse kanthu. Anangowapatsa madzi akumwa.

Anabwerera kumudzi. Kudikira kunali kowawa kuposa mayeso. Acemwali ankapita kumunda, ankatunga madzi, ankasinja. Anthu ankafunsa, "Adotolo, zatuluka?" Ena ankafunsa mwacikondi. Ena ankafunsa moseka. Atsibweni sankafunsa konse. Koma tsiku lililonse ankadutsa pakhomopo, ngati ali ndi ulendo wina.

Patapita masabata angapo, mbale wa ku Tete uja anaimba foni kwa aphunzitsi akulu. Anati maina aikidwa pakhoma. Anawerenga mndandanda wonse ndi cala, kucokera pamwamba. Dzina la Acemwali linalipo. Silinali pamwamba. Linali kufupi ndi pansi. Koma linalipo.

Aphunzitsi anatuma mlongo wamng'ono kukanena. Mnyamatayo anathamanga osaima. Anafika akupuma mwamphamvu, mawu osatuluka. Amayi anangoona nkhope yake, n'kuyamba nthungululu. Agogo anavina pang'ono, atagwira ndodo. Abambo anakhala pansi, nakhala cete.

Atsibweni anafika pomaliza. Anati, "Wakhoza, mwanawe. Zaka 6 ndi zambiri. Tiona." Kenaka anafunsa abambo mtengo wa thumba la nyemba ku Tete, ndi tsiku limene xapa imanyamuka.

Acemwali anapita ku Tete m'caka ca 2010. Anali m'gulu laciwiri la sukuluyo. Patsogolo pawo panali gulu limodzi lokha. Panalibe omaliza oti awafunse nzeru. Ophunzira ankathandizana okhaokha. Ankabwerekana mabuku, ankawerengera pamodzi.

Pa chuthi coyamba Acemwali anabwera kumudzi. Agogo anawalandira ndi dandaulo. "Msana ukundiluma. Undibaye jakisoni."

"Sindinafike pamenepo, agogo. Ndikadali kuphunzira maina a mafupa. Mawa ndikuperekezani kucipatala. Koma tandiuzani, ukuluma kapena ukubaya?"

"Ukuluma. Kubaya kunali dzulo."

Acemwali analemba m'kope lawo. Anali ndi tsamba la mawu a ululu. Kumanzere analemba Cinyanja. Kumanja analemba Cipwitikizi. Mawu ena anali asanapeze anzake, ndipo kumanja kunali kopanda kanthu.

Mlongo wamng'ono, amene tsopano anali m'kalasi yaciwiri, anafuna kudziwa za mafupa. Acemwali anamuuza kuti munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. M'dzanja limodzi muli mafupa 27.

"Bodza!" anatero mnyamatayo. "Zala ndi zisanu basi."

"Pinda cala. Ukuona? Cala ici cili ndi mafupa atatu. Ici atatu. Ici atatu. Ici atatu. Cala cacikulu cili ndi awiri. Onse pamodzi ndi angati?"

Mnyamatayo anawerenga. Anasokoneza. Anayambanso. "14!"

"Wakhoza. M'cikhato muli ena 5. Pamfundo ya dzanja pali ena 8, ang'onoang'ono ngati timiyala."

Mnyamatayo anafinya cikhato cake, akufunafuna. Anapeza anayi okha. Anapita kwa agogo, nagwira dzanja lawo lija linathyoka, kuti ayesere pamenepo.